Mitsempha ya Kummero kwa Sulaimani

Lefaragatlha, Rustenburg
12 Epulo 2010

Okondedwa Mayi Umi,

Muli bwanji kumudziko? Ine simundidziwa. Dzina langa ndine Symon, kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinabwera kuno ndi Theba, kudzagwira ntchito kumigodi, ndili mnyamata, ndinakwatira konkuno, ndipo ndinatchona. Mlongo wanu Sulaimani amakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yanga, chaka chino ndi chachitatu.

Lachinayi lapitali m'mawa, akutsuka mkamwa kuti azipita kuntchito yake yosamalira maluwa ku Protea Park, anasanza magazi. Si magazi ongothimbirira malovu ayi. Anafika theka la beseni, ena oundana zibuma. Anangoti, "Madala, ndikuona mdima," n'kukhala pansi pafupi ndi mpopi. Mkazi wanga anathamangira kwa aneba amene ali ndi galimoto, tinamutengera kuchipatala. Kumeneko anamuthira magazi mapaketi atatu.

Ine ndinkayesa thayisisi, matenda a fumbi lamumgodi, poti anzanga ambiri ndinawaika chifukwa cha amenewo. Koma sisitala anandifunsa kuti, "Anachita kutsokomola kapena kusanza?" Nditati kusanza, anati ndiye si mapapo. Ndipo n'zoona, mwanayu sanatsikepo mumgodi. Anamulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kukamwa, akuti apeza pamene pakuchucha ndipo amangapo. Zambiri sanatiuze.

Panopa ali moyo, akuyankhula, akumwa phala lamadzimadzi. Wafooka siteleki, kwambiri ndithu, koma maso ndi ake. Anandiletsa kukulemberani, akuti mudandaula. Ine ndaona kuti si bwino munthu kudwala chonchi abale ake osadziwa. Kalatayi ndapatsira Halidi, amene amayenda ndi katundu wa anthu pakati pa kuno ndi ku Mangochi. Mukafuna kuyankha mupatsire yemweyo.

Ndine,
Symon

Malindi, Mangochi
26 Epulo 2010

Mlongo wanga Sulaimani,

Asalamu alaikumu. Kuno tili bwino, ana ali bwino, mpunga wayamba kucha. Kalata ya a Symon inandipeza Lachisanu. Uwathokoze m'malo mwanga. Ndalemba osaimba chifukwa foni ndi ya kwa aneba, ndipo zimene ndikufuna kunenazi si zoti mudzi wonse umve.

Nditawerenga za beseni lija ndinakumbukira tsiku limene bambo anamwalira. Iwe unali ndi zaka 19, ukukumbuka bwino. Bambo anadya chamasana kwa mkazi wawo wamng'ono, Che Sainabu, mpunga ndi nyemba. Atafika pakhonde pa mayi athu anasanza magazi oundana, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atatisiya. Munthu amene m'mawa anali kudambo akulima! Tonse tinadziwa kuti m'chakudya chija munathiridwa kanthu. Ndiwe amene unatulutsa mphasa ndi mapoto a Che Sainabu n'kuponya pamsewu, ndipo unawauza anthu akumva kuti akadzapondanso pano udzawathyola miyendo. Zaka 16 zapita. Mayi athu anapita, nkhani inazilala. Koma kodi Che Sainabu anaiwala?

Ndamva kuti mwana wa mlongo wawo ali ku Joni, ena akuti ku Wonderkop, kumenetu si kutali ndi iwe. Taganiza bwino. Kodi masiku amenewo sunadye ndi munthu wa kwawo ku Katuli? Ku mzikiti, pa sadaka, kapena wina kukubweretsera kanthu kakumudzi?

Amalume a Hafizu akuti tikangotha kukolola tipite ku Katuli tikawafunse maso ndi maso. Ine ndawauza kuti tidikire kaye mawu ako.

Usadye kwa anthu. Ngakhale kwa a Symon, ndi abwino, koma uziphika wekha. Undiuze chimene madokotala anena, ndiponso ngati kuntchito akukusungira malo.

Ndine mlongo wako,
Umi

Lefaragatlha
14 Meyi 2010

Achemwali anga,

Wa alaikumu salamu. Ndinatuluka m'chipatala, ndipo kuntchito ndayambiranso, koma zopepuka. Kalata yanu ndawerenga katatu. Musapite ku Katuli. Werengani kaye izi mpaka kumapeto.

Dzulo ndinabwerera kuchipatala ndi a Symon kuti azindimasulira. Adokotala ndi mayi wina woyankhula mofulumira. Anatembenuza pepala n'kundijambulira, ndipo ndikuuzani mmene ndinamvera.

Mmero, njira imene chakudya chimadutsa kuchoka pakhosi kukafika m'chifu, uli ndi timitsempha take tochotsa magazi amene agwira kale ntchito. Ta pakati pa chifuwa timakathira mu mtsempha wina wokwera motsatira msana, umene umakalowa mu mtsempha waukulu wopita kumtima. Koma ta kumunsi, pafupi ndi chifu, timapita kwina. Timakathira mu mtsempha umene umasonkhanitsa magazi a m'matumbo, a m'chifu ndi a kapamba n'kupita nawo kuchiwindi kuti akasefedwe. Ndiye kumunsi kwa mmero n'kumene njira ziwirizi zimakumana, ya kumtima ndi ya kuchiwindi.

Kwa ine, njira ya kuchiwindi yakhala ikuthina pang'onopang'ono. Magazi akalephera kudutsa amabwerera m'mbuyo. Amatupitsa kapamba, ndipo amadzipanikiza m'timitsempha ta kummero tija pofuna kukafika kumtima. Timitsemphato si tonyamula magazi ochuluka choncho. Timafufuma, ndipo chimene chatiphimba ndi kakhungu kopyapyala. Munthu sumva kuwawa kulikonse. Tsiku lina kamodzi kamangophulika.

Poyamba anandifunsa ngati ndimamwa mowa, poti ambiri chiwindi chimawaumira ndi mowa. Ndinati chibadwire sindinalawepo. Anafunsa kwathu, anafunsa ngati ndili mwana ndinkakhala m'madzi. Ndinati ndinakulira m'dambo la mpunga. Atayeza apeza likodzo, osati lokodza magazi lija, koma lina la m'matumbo. Mazira ake amakakanirira m'chiwindi zaka ndi zaka n'kusiyamo zipsera, ndipo zipserazo n'zimene zimathinitsa njira.

Timitsempha tinayi anatimanga ndi timphira kudzera pa kapaipi kaja, akuti timafota tokha. Ndizipitanso kuti akamange totsala. Andipatsa mankhwala a likodzo, ndi mapilitsi ena akumwa tsiku lililonse ochepetsa mphamvu ya magazi pamenepo. Asipirini andiletsa.

Tisanatuluke ndinati, "Bambo anga anamwalira chonchi."

Anasiya kulemba. "Ankagwira ntchito yanji?"

"Ankalima mpunga."

"Mimba yawo inali bwanji?"

Achemwali, mukukumbuka kuti kumanzere kwa mimba ya bambo kunali kolimba, ndipo iwo ankati ndi kapamba wa malungo? Ndinawauza zimenezo. Ndinawauzanso za chakudya chija, zonse, ndi zimene ndinachita ine. A Symon anamasulira akuyang'ana pansi.

Adokotala anati, "Sindingalumbire za munthu amene sindinamuone. Koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi zanuzi kuposa za poizoni. Akanabwera kwa ine, ndikanayamba kuyang'ana kummero."

Ine sindinadye ndi munthu wa ku Katuli. Mwana wa mlongo wawoyo sindimudziwa n'komwe. Muwauze amalume.

Ndine mlongo wanu,
Sulaimani

Malindi
30 Meyi 2010

Sulaimani,

Asalamu alaikumu. Tili bwino. Mpunga tamaliza kumenya, wachepa poyerekeza ndi chaka chatha.

Mwezi wathunthu wapita osamva kanthu kwa iwe. Mkazi wa Halidi akuti galimoto inawafera ku Tete ndipo akudikira chitsulo kuchokera ku Joni. Kaya uli ndi kalata mmenemo kaya ayi, ine sindikudziwa. Amalume anati kukhala chete kwakoko ndiye kuti zakukulira, sangadikirenso. Lachiwiri tinapita.

Tinawapeza Che Sainabu akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba. Akalamba kuposa mmene ndinkaganizira, diso limodzi layera. Amakhala ndi Kulusumu, mwana wa mchemwali wawo, mayi wa ana anayi. Anatiyalira mkeka, koma amalume sanakhale.

Amalume anati, "Mwana wa malemu akusanza magazi ku Joni, ngati bambo ake. Mwamuchita chiyani?"

Che Sainabu anafunsa kuti, "Ali moyo?"

Ndinati tikumva kuti ali moyo.

Anati, "Alihamudulilahi," n'kupitiriza kusenda.

Amalume anakweza mawu, anthu anadzaza pabwalo. Kulusumu anati mwana wa mlongo wawo uja ali ku Nampula, amagulitsa nsapato, ku Joni sanapondeko. Anthu awiri atatu anavomereza. Koma mayi wina ndinamumva akuti, "Ndiye kuti nkhani yakale ija inali yoona." Zikuoneka kuti kumeneko ambiri anali ataiwala, ndipo achinyamata sankaidziwa n'komwe.

Dzana ndinamva kuti Che Sainabu awachotsa pa ntchito yophika pa sadaka ndi pa maukwati. Ndiyo inali ntchito yawo, akuti ankadziwika ndi mpunga wawo. Tsopano palibe akufuna kudya za m'manja mwawo.

Amalume akuti tawaopseza, sangakuchitenso kanthu. Ine sindikudziwa ngati tapindulapo. Lemba, ngakhale mizere iwiri.

Umi

Lefaragatlha
20 Juni 2010

Achemwali,

Wa alaikumu salamu. Ndili bwino. Kuno kukuzizira kwambiri, m'mawa maluwa akumapsa ndi chisanu. Anamanganso timitsempha tiwiri. Masiku awiri oyamba kumeza kumawawa, kenako kumasiya.

Kalata yanu ya pa 30 Meyi yandipeza. Yanga ya pa 14 mwina pofika pano mwailandira. Ikanafika nthawi yake simukanapita. Sindikumuimba mlandu Halidi, galimoto imafa. Amene anayamba zonsezi ndine, mu 1994.

Ndikupemphani zinthu ziwiri.

Choyamba, mupite kuchipatala cha ku boma akakuyezeni. Adokotala akuti aliyense amene anakulira m'dambo limodzi ndi ine ayezedwe, ngakhale akumva bwino. Inu munalowamo zaka zambiri kuposa ine, ndipo mukulowabe. Mukanene kuti mlongo wanu anapezeka ndi likodzo la m'chiwindi ndipo mitsempha ya kummero inaphulika. Anawo akamwe mankhwala a likodzo.

Chachiwiri, mu envulopu ino muli ina yaing'ono ya Che Sainabu. Mulinso pepala limene adokotala anajambula. M'kalatamo ndafotokoza zimene ndinakufotokozerani inu, ndipo ndanena kuti ndinawanamizira. Sindinamate, mutha kuwerenga. Mupite nayo nokha, ndipo mukawerenge anthu omwe aja akumva. Halidi sindingamutume nayo ku Katuli, si nkhani yosiya pa golosale.

Ndikanabwera ndekha, koma akuti ndisayende ulendo wa masiku atatu asanamalize kumanga.

Sulaimani

Malindi
18 Julayi 2010

Sulaimani,

Asalamu alaikumu. Makalata ako onse awiri afika, yoyamba ija itada ndi oilo. Bulangete la ana talandira, zikomo.

Ndawerengera amalume. Akuti matenda akufooketsa mtima, ndipo munthu wodwala amavomera chilichonse chimene wovala zoyera wanena. Akutinso wakhalitsa ndi machona, wayamba kuganiza ngati iwo. Ine sindikunena choncho. Koma tandiuza: dokotala wakoyo bambo anawaona? Iwe wekha walemba kuti wakana kulumbira. Ndiye ine ndikaime pakati pa anthu a ku Katuli ndi pepala la munthu amene wakana kulumbira?

M'dambo muja amalowamo mudzi wonse. Bwanji onse sakusanza magazi?

Ndipo waganizapo za mayi athu? Anamwalira akudziwa chimene chinapha mwamuna wawo. Ukufuna ndikanene kuti iwonso ankanama, ine ndinkanama, amalume ankanama? Ngati zili monga ukuneneramu, ndiye kuti ife tinachita chiyani zaka zonsezi? Iwe uli kutali. Ukalemba kalata wamaliza. Amene azikumana ndi anthu kumsika ndine.

Mwina ukuopa kuti ufa, ndiye ukufuna kukonza njira. Ngati ndi choncho nena chilungamo, usandibisire matenda kuseri kwa nkhani ya Che Sainabu.

Envulopu ija ili m'sutikesi. Sindinataye. Kuchipatala sindinapite, palibe pamene pakundiwawa. Ana anamwa kale mankhwala a likodzo kusukulu.

Ramadani yayandikira. Uwafunse adokotala akowo ngati ukuyenera kumanga, kusala kudya masana.

Umi

Lefaragatlha
5 Seputembala 2010

Okondedwa Mayi Umi,

Moni kwa inu ndi ana. Ndine Symon uja. Ndikulembanso ndine chifukwa mlongo wanu ali m'chipatala kachiwiri.

Adokotala anamuuza kuti chaka chino asamange Ramadani, ndipo shehe wa ku mzikiti wawo anamuuza zomwezo, kuti wodwala amaloledwa. Iye anamanga. Mapilitsi aja anayamba kudumphitsa, kenako anasiyiratu, ndipo tsiku lokamanga mitsempha sanapite. Ine sindinkadziwa. Nditaona botolo lili lodzaza ndinamufunsa. Anati, "Madala, pali mlandu umene ndikulephera kuufikitsa kwa mwini wake. Ndisiyeni ndiufikitse kwa Mulungu." Ndinamuuza kuti ine ndine wa mpingo wina, koma sindinamvepo Mulungu amene amalipiritsa ndi magazi a kummero.

Lachitatu masana anagwa kuntchito akuthirira kapinga. Masiku awiri m'mbuyomo akuti chimbudzi chinali chakuda bii ngati phula, ndipo anali atauzidwa kale kuti chimenecho ndi chizindikiro choti magazi akuchucha mkati. Sananene kwa munthu. Abwana ake ndi amene anamuthamangitsira kuchipatala. Ulendo uno magazi anachepa poyerekeza ndi poyamba, amuthira mapaketi awiri ndipo amanganso.

Adokotala anakalipa. Anati kamtsempha kakaphulika kamodzi, n'kosavuta kuti kena kaphulikenso munthu akasiya mankhwala, ndipo si onse amafika kuchipatala ali moyo.

Za m'banja mwanu si zanga. Koma ndinalipo pamene adokotala ankafunsa za bambo anu, ndipo ndine ndinamasulira. Sindinaonjezere kapena kuchotsera. Dzulo Sulaimani atatsegula maso anandifunsa ngati Halidi wabwera ndi yankho la ku Katuli. Ndinati ayi.

Ndangoti mudziwe.

Symon

Malindi
24 Okutobala 2010

Mlongo wanga Sulaimani,

Asalamu alaikumu. Ndamva kwa Halidi kuti unatuluka ndipo ukumwa mapilitsi. Usasiyenso. Zimene unachitazo si kupemphera.

Idi itatha ndinapita kuchipatala. Ndinapita kuti akandipeze ndili bwino, ndikulembere kuti waona. Adokotala anandigoneka pabedi n'kukanikiza kumanzere, pansi pa nthiti. Anafunsa kuti, "Chimenechi chakhalapo nthawi yaitali bwanji?" Ndinati kuyambira nditabereka mwana wachiwiri, ndimayesa n'za uchembere. Anati ndi kapamba, watsika zala zinayi. Anandiunika ndi makina, akuti chiwindi chili ndi zipsera. Ndinawaonetsa pepala lako lija. Analiyang'ana n'kunena kuti amene anajambula anajambula bwino. Andipatsa mankhwala a likodzo ndi kalata yopita nayo ku Blantyre kuti akandiyang'ane kummero. Ndipita mwezi wamawa.

Ndinafunsa funso langa lija, loti bwanji mudzi wonse susanza magazi. Anati si onse chimawafika pamenepo, koma mabanja ena chimawakonda, ndipo amene amasanza amawaona chaka chilichonse. Anati ambiri amabwera mochedwa chifukwa amayamba afufuza kaye amene wawadyetsa.

Nditafika kunyumba ndinakhala masiku anayi osauza munthu. Kenako ndinawauza amalume. Anati iwo ku Katuli sangapitenso, miyendo ikuwawawa. Ndinapita ndekha Lachisanu lapitali.

Ndinapempha Kulusumu kuti aitane anthu akamachoka ku Juma, mapemphero a Lachisanu. Anabwera ochepa poyerekeza ndi tsiku lija, koma mayi uja amene anati nkhani inali yoona analipo. Ndinawerenga kalata yako yonse. Pamene unalemba kuti "ndinakunamizirani" ndinanena kuti "tinakunamizirani." Kenako ndinauza amayi awiri kuti agwire pamimba panga. Anagwira. Wina anati mwamuna wake alinso nacho chomwecho.

Che Sainabu anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire, sanakalipe. Anapempha pepala la adokotala, analiyandikitsa ku diso lawo labwinolo, n'kufunsa kuti mmero ndi uti, chiwindi ndi chiti. Ndinawalozera. Anafunsa kuti, "Ndiye pamene panaphulika ndi apa?" Ndinati ndi pamenepo. Analipinda n'kumanga pa nsonga ya chitenje.

Anandipatsa madzi, ndinamwa. Anati adzakuyankha okha.

Umi

Katuli
14 Novembala 2010

Sulaimani, mwana wa Che Mohamadi,

Asalamu alaikumu. Ine ndili bwino monga mwa ukalamba. Kulemba sindidziwa, akundilembera ndi Kulusumu, ndipo ndamuuza kuti alembe mmene ndikunenera, asakometse.

Kalata yako anandiwerengera Umi, ndipo Kulusumu wandiwerengeranso kawiri. Zoti sindinathire kanthu m'chakudya cha bambo ako, imeneyo kwa ine si nkhani yatsopano. Ndinaphika ndine, ndinadya nawo m'mbale yomweyo. Tsiku lija ndinanena, palibe anamva.

Eda yanga, masiku obindikira a namfedwa, ndinakhalira kwa mlongo wanga, osati m'nyumba ya mwamuna wanga. Pa sadaka ya masiku makumi anayi sindinaitanidwe. Amuna awiri anandifunsira pambuyo pake, onse anabwerera atamva mbiri. Sindikunena izi kuti udwale nazo. Ndikunena kuti udziwe kukula kwake, chifukwa m'kalata yako unangotchula mapoto ndi mphasa.

Za kuphika, nyumba imodzi yandiitana pa ukwati wa mwezi wamawa. Zina zikudikira zione ngati amene adye kumeneko akhale moyo.

Wapempha kuti ndikukhululukire. Usandifulumizitse. Ndayamba, koma sindinafike. Ndamva kuti unasiya mankhwala chifukwa cha ine. Zimenezo usachitenso. Ukafa adzati ndine.

Chimene sindinkadziwa ndi chimene chinapha mwamuna wanga. Inenso ndinkafuna kudziwa, ngati inu nomwe. M'mawa wa tsiku lija, asanapite kudambo, anamwa thobwa kwa mayi ako. Anandiuza okha akusamba m'manja kuti akhuta kale, adya pang'ono. Atamwalira ndinati ndi thobwa lija. Ndinati mayi ako anathiramo kanthu chifukwa cha nsanje, kenako n'kutuma ana awo kuti aloze ine. Sindinauze munthu, poti akanandimva ndani? Koma ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Zaka 16 ndakhala ndikuwatchula mayi ako pa swala iliyonse, ndipo sindinkawapemphera zabwino. Nditamva kuti amwalira movutika ndinati Mulungu wandiyankha.

Iwe wapeza woti umulembere kalata, ndipo yafika. Ine amene ndinawalakwira anapita, ndilibe kotumiza. Ndiye ndauza Kulusumu amene akulembayu, ndipo ndauza iwe, mwana wawo. Umi udzamuuze wekha akadzabwerako ku Blantyre, asapite kuchipatala ali ndi zimenezi mumtima.

Ndine,
Sainabu